Kusankha Nyimbo ya Kwaya Yoti Bandi Igube Nayo Pang'onopang'ono

Munthu aliyense amene anakulira m'mbali mwa msewu wochoka pa Kamuzu Road kupita ku Senga Bay, m'boma la Salima, amakudziwa kugunda kwa ng'oma yaikulu ya bandi. M'derali muli sukulu ya asilikali ya MAFCO komanso kampu ya asilikali otsika ndi parachuti, ndipo tsiku lomwe ophunzira atsiriza maphunziro a usilikali, bandi ndiyo imatsogolera perete. Pa perete pamakhala kuguba kwa mitundu iwiri. Pali kuguba kofulumira, komwe ana amatsanzira madzulo atanyamula mapesi m'malo mwa mfuti. Palinso kuguba kwapang'onopang'ono, komwe phazi limakhala ngati likuyandama pamwamba pa nthaka lisanaponde. Kuguba kwachiwiriku kumachitikanso pamaliro a msilikali kapena wapolisi, pa mwambo wokumbukira omwe anafera ku nkhondo mwezi wa Novembala, ndiponso pamene bandi ya achinyamata a mpingo ikuperekeza bokosi kumanda.

Nyimbo zambiri zomwe zimalizidwa pa nthawi zoterezi sizinapekedwere bandi. Ndi nyimbo za m'tchalitchi ndi za makwaya zomwe wina anazisamutsira ku malipenga. Chimangirizo chino chikufotokoza zomwe munthu ayenera kuyang'ana posankha nyimbo yotere. Mfundo yanga ndi yakuti bandi ikatenga nyimbo ya kwaya imachotsa mawu pakamwa pa oimba, koma siiwachotsa m'mitu mwa omvera. Anthu amene aima m'mbali mwa msewu amakhala akuiimba chamumtima, ena mpaka milomo kugwedera. Kotero wosankha nyimbo amakhala akusankhanso mawu omwe khamu lonse liti linene popanda iye kuwatchula, ndipo mawuwo ayenera kukwana pa mapazi ndi m'mapapo mwa anthu amene akuyenda.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, tiyambe ndi momwe bandi inafikira kunyanja kuno. Gulu la asilikali la King's African Rifles linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo ena mwa magulu ake oyambirira anali a kuno ku Nyasaland, likulu lawo lili ku Zomba. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 amuna ambiri anatengedwa, ena ngati asilikali, ochuluka ngati amtengatenga onyamula katundu. Omwe anabwerako sanaiwale zomwe anaona: mizere yowongoka, yunifolomu, wenzulo, ng'oma ndi malipenga. M'buku lake la 1975 lonena za gule wa beni, katswiri wa mbiri yakale Terence Ranger anasonyeza kuti guleyu anayambira m'matauni a Aswahili a m'mbali mwa nyanja ya mchere, monga Lamu ndi Mombasa, cha m'ma 1890, ndipo nkhondo ija inathandiza kwambiri kumufalitsa kumtunda. Dzina lakuti beni linachokera ku liwu lachingerezi lotanthauza bandi. Kwathu kuno beni anakhazikika pakati pa Ayao a ku Mangochi, Machinga ndi Salima. Atonga a ku Nkhata Bay ndi anansi awo ali ndi malipenga, ndipo m'maboma monga Dowa, Ntchisi ndi Nkhotakota muli mganda. Ngakhale kalela wa ku migodi ya ku Zambia, yemwe J. Clyde Mitchell analemba za iye mu 1956, ndi wa banja lomweli.

Chomwe chimandigwira mtima m'mbiriyi ndi chikho. Makolo athu analibe ndalama zogulira malipenga a mkuwa. Anatenga zikho zazitali khosi, nkuziboola, nkumata pa bowo limodzi kachikopa kopyapyala koyera komwe kangaude amaphimbira mazira ake. Lipenga lotere lilibe mawu akeake. Wovina amang'ung'uza nyimbo momwemo, kachikopa kaja nkumanjenjemera, mawu a munthu nkutuluka atasanduka a lipenga. Wina amatenga mawu apamwamba, wina apakati, wa chikho chachikulu apansi, chimodzimodzi momwe kwaya imagawanirana. Tinganene kuti gulu la malipenga kapena mganda ndi kwaya yovala yunifolomu ya bandi. Choncho kusamutsa nyimbo ya pakamwa kupita nayo ku bandi anthu a kunyanja akhala akukuchita kwa zaka pafupifupi 100. Kusiyana kwake ndi kwakuti magule onsewa ndi achangu, ndipo chikho chimatsata kulikonse komwe pakamwa papita. Lipenga la mkuwa ndi kuguba kwapang'onopang'ono zili ndi malamulo ouma kuposa pamenepo.

Lamulo loyamba ndi la phazi. M'mwambo wa asilikali womwe tinatengera kwa Angerezi, kuguba kofulumira kumakhala masitepe pafupifupi 120 pa mphindi imodzi, pomwe kwapang'onopang'ono ndi masitepe 60 mpaka 65. Sitepe iliyonse ndi yotalika pafupifupi masentimita 75. Ng'oma yaikulu imagunda molimba pamene phazi lamanzere likuponda. Nyimbo iliyonse ili ndi kugunda kwake komwe oimba amati biti, ndipo mabiti amayenda m'magulu, loyamba m'gulumo ndilo lolemera. Nyimbo yomwe mabiti ake amayenda awiriawiri kapena anayianayi imakhala pa mapazi popanda vuto, chifukwa biti yolemera nthawi zonse imagwera phazi lamanzere.

Chitsanzo chodziwika padziko lonse ndi nyimbo ya Abide with Me, yomwe mawu ake analemba Henry Francis Lyte mu 1847, ndipo kaimbidwe kake, kotchedwa Eventide, anapeka William Henry Monk mu 1861. Ku England imaimbidwa masewero omaliza a chikho cha FA asanayambe kuyambira mu 1927, ndipo mabandi a asilikali a ku India anakhala akuiliza pa mwambo wawo wa mu Januwale mpaka inachotsedwa mu 2022. Ndime yake ili ndi mizere 4, mzere uliwonse uli ndi maphatikizo 10 ndipo umatenga mabiti 16. Ndime yonse ndi mabiti 64. Ngati biti iliyonse ndi sitepe imodzi, ndime imatha m'mphindi imodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo oguba amakhala atayenda mamita 48 okha. Owerenga awerengere okha: manda akakhala pa mtunda wa kilomita imodzi, bandi iyenera kuibwereza ndimeyo ka 21. Kwaya sitopetsa pobwereza chifukwa ndime iliyonse imabwera ndi mawu atsopano. Bandi ilibe mwayi umenewu. Nchifukwa chake wosankha sasankha nyimbo imodzi. Amasankha ziwiri kapena zitatu zoyenderana, amasiya mipata yoti ng'oma zigunde zokha milomo ya oliza ikupuma, ndipo amakonza kuti ulendo wina nyimbo ikhale ndi makoneti, ulendo wina ndi euphonium.

Pali nyimbo zina zomwe aliyense amazikonda koma phazi limazikana. Amazing Grace, yomwe mawu ake a John Newton anasindikizidwa mu 1779, inatchuka kwambiri ndi mabandi pamene asilikali a Royal Scots Dragoon Guards anaijambula nkukhala nambala wani ku Britain mu 1972. Koma mabiti ake amayenda atatuatatu. Oguba akamaponda biti iliyonse, biti yolemera imagwera phazi lamanzere ulendo uno, lamanja ulendo wotsatira. Asilikali ozolowera amapirira nazo, koma anyamata a bandi ya mpingo amasokonezeka asanafike pa ndime yachiwiri. Okonza ena amaitambasula kuti ikhale ya mabiti anayi pokoka biti yoyamba. Papepala zimatheka. Pamsewu amayi amene akuiimba amalowa msanga mzere uliwonse, chifukwa iwo akutsata nyimbo yomwe akuidziwa. Ine ndikuona kuti nyimbo ya mabiti atatu iyenera kusungidwira nthawi yomwe anthu aima, monga kumanda bokosi likutsika.

Vuto lofanana ndi limeneli ndi la nyimbo zomwe kukoma kwake kuli m'manja mwa wotsogolera kwaya. Tonse tawaonapo aphunzitsi a kwaya akukweza dzanja pothera pa mzere, kwaya nkugwira noti mpaka iwo atakhutira. Phazi silingadikire m'malere. Nyimbo yomwe imafa ikachotsedwa kukoka ndi kufulumira kotereku ndi ya m'tchalitchi, ndipo ikhale komweko.

Lamulo lachiwiri ndi la mpweya. Mzere wa mabiti 16 pa liwiro la kuguba kwapang'onopang'ono umatenga masekondi 15 kapena 16. Woimba m'kwaya, ataima pamthunzi, akhoza kuyesa kuumaliza ndi mpweya umodzi. Mnyamata amene wasenza tuba pa dzuwa la Okutobala la ku Salima, akuyenda pamchenga, sangathe. Ayenera kupuma pakati, ndipo funso ndi lakuti apume pati. Apa ndi pomwe mfundo ija ya mawu osatchulidwa imayamba kugwira ntchito. Woliza amene sadziwa mawu a nyimbo amapuma pomwe mpweya wamuthera, mwina pakati pa liwu. Kwa mlendo palibe cholakwika. Kwa mayi amene akuiimba chamumtima zimamveka ngati chibwibwi. Njira yake ndi yapafupi, ngakhale ambiri saichita: kulemba mawu a ndime yoyamba pansi pa manoti a woliza aliyense, ngakhale wa tuba, kuti apume pomwe chiganizo chapumira. Pomwe mzere ndi wautali, oliza awiri a chida chimodzi amapangana kuti azipuma mosinthana, mawu asaduke.

Kugawa mawu a kwaya ku zida si ntchito yovuta, ndipo ichi ndi chifukwa chimodzi chomwe mabandi amakondera nyimbo za m'buku. Soprano imapita ku makoneti, alto ku makoneti achiwiri ndi mahoni, tenala ku trombone ndi euphonium, besi ku tuba. Makwaya athu ambiri amawerenga nyimbo m'kalembedwe ka doh, re, mi komwe John Curwen anafalitsa ku England kuyambira m'ma 1840, amishoni nkubwera nako kuno. Ubwino wa kalembedweka ndi wakuti doh akhoza kuikidwa paliponse. Zida za mkuwa zimamasuka m'makiyi a F, B flat, E flat ndi A flat, choncho wokonza amasuntha doh kupita ku imodzi mwa makiyi amenewa. Yesero limakhala lakuti aikweze kuti makoneti awale. Asatero. Manoti aatali apamwamba amatopetsa milomo msanga kuposa nyimbo yachangu, ndiponso nyimbo ikakwera kwambiri anthu amene amafuna kuvomera amalephera kufikira, amangoti chete.

Tisaiwale kuti zonsezi zikuchitikira panja. M'tchalitchi cha makoma a njerwa kapena miyala, monga cha St Peter's pa chilumba cha Likoma, noti imakhalabe m'mwamba kwa kanthawi oimba atatseka pakamwa. Pabwalo la mchenga palibe chobweza mawu. Mu Juni ndi Julayi, mwera ukamawomba kuchokera kunyanja, mbali zonse za nyimbo zoimbidwa motsitsa zimauluka osamveka. Kutentha nako kumakweza mawu a zida za mkuwa, ndipo zida zakale zophwanyikaphwanyika sizikwera mofanana. Nyimbo yomwe manoti ake ayandikana kwambiri imaonetsa poyera kusagwirizana kumeneku. Palinso nkhani ya mtunda. Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi imodzi. Mdipiti wa anthu ukatalika mamita 170, omwe ali kumbuyo amamva ng'oma patadutsa theka la sekondi, lomwe ndi theka la sitepe. Ichi ndi chifukwa chake pamaliro aakulu nyimbo imamveka ngati ikukokedwa kuchokera kumchira. Nyimbo ya mabiti oonekera ndi manoti ochepa imapirira kukokana kotereku, pomwe ya timanoti tambiri tothamanga imasanduka phokoso.

Ku America mabandi a m'sukulu amachita zionetsero pa mabwalo a mpira, ndipo chionetsero chilichonse chimakhala ndi gawo lodekha lomwe amalitcha ballad. Pa gawo limeneli amakonda kutenga nyimbo za makwaya, monga Salvation is Created ya Pavel Chesnokov ya mu 1912, kapena O Magnum Mysterium ya Morten Lauridsen ya mu 1994. Achinyamata athu amazionera pa YouTube nkusirira. Koma mabandi amenewo nthawi zambiri amakhala a anthu ochuluka, zida zawo ndi zosamalidwa bwino, ndipo owonera amakhala pansi mwakachetechete. Komanso omvera ambiri kumeneko sadziwa mawu a nyimbozo, omwe ndi a Chisilavo cha m'tchalitchi ndi Chilatini, choncho wokonza akhoza kudula ndi kukoka momwe afunira. Bandi ya anthu khumi ndi asanu ya ku Chipoka kapena ku Lifuwu imaimbira anthu odziwa liwu lililonse.

Tsopano tifike pa nkhani ya chiyankhulo, yomwe ndiyo inandikopa kulemba chimangirizochi. Chichewa chili ndi makhalidwe awiri omwe amalimbana ndi nyimbo zobwera. Khalidwe loyamba ndi lakuti timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa liwu, makamaka pothera pa chiganizo. Tikamanena kuti moyo, mtendere kapena chikondi, pokoka ndi pa mo, nde ndi ko. Mizere yambiri ya nyimbo zachingerezi imathera pa phatikizo lolemera, ndipo wopeka amaika noti yaitali pomwepo. Omasulira nyimbo za m'buku la Nyimbo za Mulungu analimbana ndi vuto limeneli, komanso ndi lina lakuti mawu athu ndi aatali: chomwe Mngerezi anena ndi phatikizo limodzi ife timachinena ndi atatu. Nchifukwa chake m'nyimbo timapeza Mlungu m'malo mwa Mulungu, Mbuye m'malo mwa Ambuye, ndi mawu ena odulidwa mutu kapena mchira. Zotsatira zake ndi zakuti timaimba mo-yooo pomwe poyankhula timati moo-yo. M'tchalitchi tinazolowera ndipo sitimvanso kupotokaku. Koma bandi ikachepetsa liwiro, noti yomaliza ija, yomwe mpingo umaigwira masekondi awiri, imafika masekondi anayi, ndipo kupotoka kuja kumakula mpaka ovomera amaisiya noti isanathe.

Pa chifukwa chimenechi ndi bwino kufunafuna nyimbo zomwe mizere yake imathera pa manoti awiri, yoyamba yolemera, yachiwiri yopepuka. Nyimbo zomwe mizere yake imasinthana maphatikizo 8 ndi 7 zimakhala ndi mathero otere pa mizere ya maphatikizo 8. Chitsanzo ndi What a Friend We Have in Jesus, ya mawu a Joseph Scriven a mu 1855 ndi kaimbidwe ka Charles Converse ka mu 1868, yomwe Amalawi a mipingo yambiri amaidziwa m'Chichewa. Mabiti ake ndi anayianayi. Mzere uliwonse ndi mabiti 8, kutanthauza masekondi 8, omwe ngakhale wophunzira kumene amakwanitsa ndi mpweya umodzi. Ndipo theka la mizere yake limathera momwe lilime lathu limathera. M'kuona kwanga, pa nyimbo zonse zobwera, iyi ndi imene imakangana pang'ono ndi phazi, mapapo ndi Chichewa.

Khalidwe lachiwiri ndi kukwera ndi kutsika kwa mawu. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa mofanana, koma khutu limawasiyanitsa. Chiganizo chachichewa chimayambiranso pamwamba nkumatsika pang'onopang'ono mpaka kumapeto. Nyimbo zobwera sizilabadira zimenezi. Koma nyimbo zopekedwa konkuno, zomwe makwaya a m'midzi amaphunzitsana pakamwa, nthawi zambiri zimatsata kukwera ndi kutsika kwa chiyankhulo. Choncho nyimbo yotere ikalizidwa pa koneti imakhala ngati ikuyankhulabe, ndipo womvera amaizindikira mzere woyamba usanathe. Apa pali msampha kwa wokonza. Nyimbo zathu zimakonda kuika maphatikizo angapo pa noti imodzi yobwerezedwa. Wokonza amene waphunzira kuti nyimbo yodekha imafuna manoti aatali amaphatikiza timanoti tonseto kukhala noti imodzi yosalala. Akatero wafufuta maphatikizo, ndipo mawu aja omvera amatsata chamumtima asowa popondera. Phatikizo lililonse liyenera kukhala ndi kugunda kwake kwa lilime, kofewa koma komveka.

Sikuti nyimbo iliyonse ya kwathu ingagubidwe. Makorasi ambiri anabadwira kuvina. Moyo wake uli m'manja owomba ndi m'masitepe a kwaya, ndipo kaimbidwe kake ndi kafupi, kongozungulira, wotsogolera akusintha mawu ovomera akubwereza. Mukachotsa mawu osinthawo, nkuchotsa kuwomba m'manja, nkuchepetsanso liwiro, chotsala ndi timanoti tochepa toyenda ngati galimoto yokankha. Nyimbo zomwe zimasamuka bwino ndi za pasiwa, zomwe amayi a Chigwirizano kapena a Mvano amaimba usiku wonse ndi popita kumanda. Izi zinabadwa kale zili zodekha, ndipo zinapekedwera anthu otopa, oyenda. Mbali ya wotsogolera ikhoza kuperekedwa kwa koneti imodzi kapena kwa trombone, yomwe imatha kutsetsereka kuchoka pa noti ina kupita pa ina monga amachitira mayi woyambitsa nyimbo, ndipo bandi yonse nkuvomera. Liwiro lake bandi itengere kwa amayiwo. Anthu akumudzi operekeza maliro sayenda masitepe 60 pa mphindi monga asilikali, amafulumirako, ndipo bandi yoummirira liwiro la pa perete imapezeka yatsala yokha.

Kukwana pa phazi ndi pa mpweya sikutanthauza kuti nyimbo yakwana pa mwambo. Zaka zingapo zapitazo ndinali pamaliro a mkulu wina, msilikali wopuma pantchito, m'mudzi wina wa kufupi ndi nyanja. Bandi ya achinyamata a mpingo wina inapemphedwa kuti itsogolere ulendo wa kumanda. Anyamatawa anali atakonzekera ndithu. Anatenga korasi ina yokoma, nkuichepetsa liwiro, nkuiika m'mawu anayi. Mlendo wosadziwa Chichewa akanati ndi nyimbo yachisoni yochititsa chidwi. Koma korasiyo ndi yomwe makwaya a kumeneko amaimba paukwati, mkwatibwi akulowa. Sitinayende mamita makumi awiri amayi anali atayamba kuyang'anizana. Mtsikana wina anabisa nkhope m'chitenje, osati chifukwa cha kulira. Kenaka gogo wina amene anali pafupi ndi bandi anati, mosakweza mawu, "Ana inu, kuno nkumaliro." Pomwepo anayambitsa nyimbo ya pasiwa, khamu lonse nkuvomera. Malipenga anazima limodzilimodzi. Wa ng'oma yaikulu yekha ndiye sanasiye. Anamvetsera kanthawi, nkugwira liwiro la amayi, ndipo tinakafika kumanda ndi ng'oma imodzi pansi pa mawu a anthu mazana. Anyamatawo sanalakwitse noti ngakhale imodzi. Iwo ankaganiza kuti poti sakutchula mawu, mawuwo palibe.

Mfundo yomweyi ili ndi mbali ina yomwe ku Salima sitingaizembe. M'mbali mwa nyanja, monga kwa Maganga, muli Asilamu ambiri, ndipo mabanja ambiri ali ndi abale ku tchalitchi ndi ku mzikiti komwe. Pamaliro a Mkhristu nyimbo ya m'buku ili pamalo pake. Koma pa mwambo wa anthu onse, monga wa pa 3 Malichi kapena wa pa 6 Julayi, kapena pa tsiku lotsanzikana ndi ophunzira pa sukulu ya boma, nyimbo ya m'buku imanenabe chikhulupiriro chake ngakhale ikulizidwa ndi mkuwa wokhawokha. Asilamu amene anaphunzira m'sukulu za mishoni amawadziwa mawuwo bwino lomwe. Sindikunena kuti nyimbo zoterezi ziletsedwe, koma wosankha adziwe kuti akuyankhula, ndipo adzifunse ngati akanawanena mawuwo pa chimkuzamawu pamaso pa anthu omwewo. Nyimbo ya fuko lathu, yomwe anapeka Michael Sauka ndipo inayamba kugwira ntchito mu 1964, inamangidwa ngati nyimbo ya kwaya ya mawu anayi ndipo imakhala bwino pa bandi, koma imeneyo timaimira chilili, sitiguba nayo.

Kosungira kwina komwe mabandi athu sanatapeko mokwanira ndi nyimbo za ntchito. Asodzi akamakoka khoka amaponda pamodzi, chammbuyo, molemera, wina akuyambitsa ena akuvomera. Kugunda kwake ndi kodekha ndiponso kosasinthasintha, chifukwa chingwe sichilola munthu kufulumira yekha. Nyimbo zotonthozera mwana nazo zili ndi mizere yaifupi yokwana mpweya umodzi. Izi si za mpingo uliwonse. Chenjezo ndi lomwe lija: amene anakhalapo padoko m'mawa akudziwa kuti mawu a nyimbo zina za asodzi sangatchulidwe pamaso pa apongozi, ndipo koneti siingawabise.

Pa nyimbo za makwaya amakono, zomwe eni ake ali moyo ndipo anazijambula, wokonza akumbukire kuti zili ndi umwini. Lamulo la umwini wa zopeka la 2016 limateteza opeka, ndipo bungwe la COSOMA ndilo limayang'anira zimenezi. Kupempha chilolezo kwa mwini nyimbo kuli ndi phindu linanso: iye ndiye angakuuzeni pomwe nyimbo yake imapumira.

Zonsezi zikhoza kuyesedwa munthu asanalembe noti ngakhale imodzi. Mphunzitsi wa bandi atenge anyamata ndi atsikana ake madzulo, zida azisiye m'nyumba, atenge ng'oma yaikulu yokha. Apite nawo pamchenga kapena pamsewu womwe adzadutse, ayende masitepe a mwambowo akuimba nyimboyo pakamwa, ndi mawu ake onse. Pomwe wina wasintha phazi, pomwe mpweya wathera pakati pa liwu, pomwe noti yomaliza yasiyidwa isanathe, aikepo chizindikiro. Ulendo wachiwiri aing'ung'uze osatchula mawu, monga amachitira a mganda m'zikho zawo, ndipo apemphe amayi awiri kapena atatu achikulire amene sanauzidwe kalikonse kuti aime m'mbali mwa njira. Akadutsa awafunse mafunso awiri: ndi nyimbo yanji imeneyi, ndipo imaimbidwa pati?